Kompyuta Yanga pa Sikelo ku Chang'ombe

Ndinanyamuka pa Kasungu Lolemba m'mawa, ukwati wa mwana wanga Tiyamike uli Loweruka ku Dar es Salaam, kumene amagwira ntchito yaunamwino. Anzanga popita ku ukwati amanyamula mpunga kapena zitenje. Ine ndinanyamula kompyuta yakufa, yokulunga m'bulangete.

Ndifotokoze musanayambe kuseka. Kompyutayi ndinakaigula ku Dar komweko matipate atangolowa kumene, malire atatseguka, aliyense akuthamangira geni. Tinatsegula kashopu kotayipa makalata, wotayipa wake ali mayi a Tiyamike. Atayamba kudwala ankatsalira m'shopu madzulo, kugogoda pang'onopang'ono. Tsiku lina anandiuza kuti, "Ndamulembera Tiya malangizo a banja, ali m'makinamu. Mudzamupatse akamakwatiwa. Koma inu musawerenge." Anamwalira mwanayo ali Folomu 2. Kalatayo sindinaisindikize. Poyamba riboni ya pulinta inasowa m'masitolo, kenako ndinkangoti mawa, mawa. Kunena zoona, ndinkaopa kuitsegula. Tsiku la ukwati litadziwika ndinadina batani, makina ali zii. Amisiri atatu a ku Lilongwe anangoisuzumira n'kundiuza kuti ndigule ina. Onse atatu ndinawauza zimene ndinawauzazo.

Chiyembekezo changa chinali pa mawu a mwini sitolo amene anandigulitsa, mmwenye wina wandevu zoyera. Anandigwira dzanja pakhomo n'kunena kuti ikadzavuta, tsiku lililonse, ndidzabwere nayo. Ine mawu a munthu ndimawasunga.

Tinagona pa Karonga, ndipo Lachiwiri m'mawa tinafika pachipata cha Songwe. Ndinali nditakonzeka kulimbana ndi a msonkho, risiti yanga yakale ili m'thumba la shati. Mkulu wa mbali ya Tanzania anavundukula bulangete, nayang'ana, naitana mnzake kuti adzaone. Onse awiri anamwetulira ngati aona chithunzi cha agogo awo.

"Pita, mzee," anatero, akundikankhira katundu wanga.

Ndinamufunsa m'Chingerezi ngati sakufuna kuona risiti. Anati ayi, zoterezi salipiritsa. Mukudziwa, kulipira msonkho kumawawa, koma kuuzidwa kuti katundu wako sakuyenera ngakhale msonkho kumawawa koposa. Ndinatuluka pachipatapo ndikulankhula ndekha.

Kuchoka pamenepo minibasi inatikweza mapiri a Tukuyu, nthochi ndi tiyi mbali zonse, mpaka Mbeya. Lachitatu kusanache bwino tinakwera basi yaikulu ya ku Dar. Kondakitala anafuna kuti kompyuta ilowe m'buti pamodzi ndi matumba a mbatata. Ndinakana. Anakweza mawu m'Chiswahili, ine ndinakweza m'Chichewa, ndipo Chichewa chinapambana. Ndinaipakata pamiyendo ulendo wonse. Mayi amene ndinakhala naye mpando umodzi, ataona mmene ndinkaigwirira basi ikagwa m'dzenje, anandifunsa mwachifundo, "Mtoto anaumwa?" Ankayesa ndi mwana wodwala. Nditamuonetsa ngodya ya bokosi la kompyutayo anati "pole" basi, ndiko kupepesa kwawo, osandilankhulanso mpaka Iringa.

Masana tinaima pamalo odyera. Ndinagula chipisi chokazingira pamodzi ndi mazira, chimene iwo amati chipsi mayai, n'kudya chiimire, mwendo umodzi uli pakhomo la basi, poti madalaivala akumeneko sadikira munthu wotafuna. Pa Mikumi anthu anathamangira kumawindo kuona njovu ndi akadyansonga m'mbali mwa msewu. Ine sindinadzuke. Miyendo inali itachita dzanzi kalekale. Tinalowa pa Ubungo, depoti ya mabasi ya ku Dar, dzuwa litalowa, thukuta lili kamukamu, anyamata a matakisi akukoka aliyense wotsika. Tiyamike anali pomwepo, ndipo tinakwera daladala, minibasi ya kumeneko, kubwerera ku Kimara kumene amakhala.

"Ababa, chimenechi n'chiyani?"

"Mphatso."

"Ndi ija ya kushopu? Ababa, jamani!"

Chiswahili chamulowa m'kamwa mwanayu. Za kalata sindinamuuze. Ndinkaopa kumulonjeza mawu a mayi ake kenako n'kubwera chimanjamanja.

Lachinayi iye anapita kukayesa diresi, ine ndinakwera daladala ya m'tauni. Munthu mashilingi 250, ndipo kondakitala anati bokosi nalonso ndi munthu. Sindinalimbane naye, ndinkasunga mphamvu.

Msewu wa sitolo ija ndinaupeza mosavuta. Inu amene munabadwa foni zili kale m'matumba simungamvetse mmene msewu umenewu unalili. Masitolo a makompyuta anali ondondozana, magalasi okhaokha. Ukangotsegula chitseko, mphepo yozizira inkakumenya kumaso, pamodzi ndi kafungo ka pulasitiki yatsopano. Makompyuta anali pamatebulo atafunditsidwa nsalu zake, ngati mikate ya ukwati. Ogulitsa ankavala mataye. Ankakukhazika pampando, kukupatsa chakumwa chozizira, kenako n'kuvundukula imodzi pang'onopang'ono. Maina a makampani ake tinkawatchula monyadira ngati matimu a mpira, ndipo tinkakangana m'basi kuti yolimba ndi iti. Lero ukatchula maina amenewo ana amayesa ndi mankhwala a chifuwa.

Sitolo yanga ija inalipo, koma ataidula patatu. Chipinda china cha nsapato, china cha mawigi, chapakati cha mafoni. Makava a mafoni ali lendelende mpaka kudenga, wailesi ikuphokosera. Ndinaika bokosi pakauntala n'kufunsa za mmwenye wandevu zoyera. Mayi wogulitsa anati sakumudziwa, iye anapeza muli kale mafoni. Ndinamuuza kuti sitoloyi inandilonjeza. Anati amene anandilonjeza ndi munthu, osati khoma. Pamenepo ndinakweza mawu pang'ono, mwina kwambiri, moti wa mawigi anasuzumira.

Mayiyo sanakwiye. Anavundukula bulangete, nagogoda bokosi ndi chikhadabo chofiira.

"Mzee, hiki ni chuma," anatero. "Chuma tu. Peleka Chang'ombe."

Mtima wanga unatsika nthawi yomweyo. Chiswahili changa n'choperewera, koma apa ndinamva bwinobwino: ichi ndi chuma, chuma chokhachokha, pita nacho ku Chang'ombe. Kuchokera ku Lilongwe mpaka pano, uyu anali munthu woyamba kuzindikira mtengo wa katundu wanga. Ndinamupepesa chifukwa chokalipa, ndinamuthokoza, ndinamuuza kuti makolo ake anamulera bwino. Anandilembera pakapepala "chuma chakavu" kuti ndizionetsa anthu. Liwu lachiwirilo ndinaliyesa dzina la kampani.

Ku Chang'ombe ndi kwa mafakitale ndi magalaji. Kulikonse moto wa owotcherera zitsulo uli thethethe, fumbi, malole. Aliyense amene ndinamuonetsa kapepala ankaloza kutsogolo mosakayika, ine n'kumati kampaniyi ndi yotchukadi. Cha m'ma 1 koloko ndinalowa pageti lina lamalata. Sindinaone magalasi kapena mataye. Ndinaona mulu wa zitseko za galimoto, mafiriji opanda zitseko, ndi chimunthu china chovula shati chitaima pafupi ndi sikelo yopachika.

Chinalandira bokosi langa, kutaya bulangete pansi, kulikoleka pa sikelo. Chinatchula makilo. Kenako chinalitsitsa, n'kutola hamala.

Zimene ndinalankhula pamenepo sindingazilembe, ndine mkulu wa mpingo. Ndinagwira hamalayo ndi manja awiri, iye akukoka, ine ndikukoka, ndikumutchula maina a nyama zosiyanasiyana. Anthu anasiya ntchito kudzaonerera. Ndiye kumbuyo kwanga kunamveka mawu:

"Achimwene, mwatukwana mokwanira. Musiyeni, sakumva n'komwe."

Anali bambo wachikulire, woonda, magalasi omanga ndi waya, atanyamula thumba la mawaya. Anati ndi Mzee Komba, kwawo ndi ku Mbamba Bay, tsidya la nyanja, n'chifukwa chake Chinyanja amachidziwa. Ndinamuonetsa kapepala kaja n'kumufotokozera kuti anditumiza kuno chifukwa katundu wanga ndi chuma.

Anakhala pa firiji yakufa kuti aseke bwino.

"Kuno chuma ndi chitsulo, achimwene. Chakavu ndiye kuti chotha ntchito. Mwayenda tauni yonse ndi kapepala konena kuti mwanyamula chitsulo chakutha."

"Ndiye ndinamuthokozeranji mayi uja?"

"Mwina ndi tsiku loyamba kasitomala kumuthokoza. Musamulande."

Anatembenuza bokosi langa, naona chizindikiro cha kampani, nachisisita ndi chala. Anati anagwira ntchito zaka zambiri m'sitolo ina mumsewu womwe uja, akumanga ndi kukonza zoterezi, atavala taye. Masitolo atayamba kutsekedwa, eni ake ena anapita kunja, ena analowa za mafoni. Iye tsopano amabwera pamulu pano kudzatola ziwalo hamala isanazipeze.

Kashopu kake kanali kuseri kwa galaji ina, kontena yotentha ngati uvuni. Koma nditalowa ndinaiwala kutenthako. Onse anali mmenemo, maina onse aja tinkakanganirana m'basi, atasanjikizana mpaka kudenga, achikasu ngati mano a wosuta fodya. Ndinayamba kuwatchula mmodzimmodzi, iye akuyankha kuti uyu ankavuta fani, uyu sankafa. Tinakangana pang'ono za yolimba koposa. Iye analakwitsa, koma ndinamusiya poti anali atagwira sikuludalaiva.

Ndinamuuza za kalata. Anasiya nthabwala. Anatsegula bokosi, natulutsa kachitsulo kokhala ngati sopo wochapira, nati zonse zimene akazi anga anatayipa zili mmenemo, ngati sikanafe nako. Anakalumikiza ku kompyuta ina yakale. Kanalira kuti kr-kr-kr, kenako zii. Anazimitsa, nakagwedeza pang'ono pafupi ndi khutu ngati akusankha dzira, nayatsanso. Ine thukuta lili chuchuchu, ndipo kwa nthawi yoyamba pa ulendo wonsewu ndinalibe woti ndimukalipire. Kachitatu, maina anatsika pasikirini. Makalata ofunsira ntchito a theka la Kasungu, mapulogalamu a maliro, malamulo a kwaya. Pansi penipeni panali TIYA.

"Musatsegule," ndinatero. "Anati ndisawerenge."

"Inuyo. Za ine sananene."

Anali ndi pulinta ya riboni, ya mapepala aja a mabowo m'mbali. Itayamba kulira ngati nyenje, ndinatembenukira kukhoma. Kulira kumeneko ndinali nditakuiwala. Mayi a Tiyamike ankati kumawathandiza kusamva zodandaula zanga. Kumbuyo kwanga Mzee Komba, amene ankagwira pepala likamatuluka, anayamba kutsokomola, chifuwa chake chomveka ngati kuseka.

"Mukuseka chiyani?"

"Fumbi, achimwene."

Anapinda masamba anayi, nawaika mu envelopu, namata. Za malipiro anangoti ndimugulire tiyi ndi chapati, ndipo bokosilo ndimusiyire, muli ziwalo zabwino. Ndinamusiyira. Kachitsulo kaja ndinakaika m'thumba la shati.

Ndinafika ku Kimara cha m'ma 6 koloko. Tiyamike anali pakhonde akusita. Ndinamupatsa envelopu n'kunena kuti yachokera kwa mayi ake. Anazimitsa simbi, nakhala pansi. Ndinakaima patali, pafupi ndi mpopi, ngati ndikuyang'ana nkhuku za eni nyumba. Masamba atatu anawerenga chamumtima, akupukuta m'maso ndi ngodya ya chitenje. Zimene zinalembedwamo sindikuzidziwa mpaka lero. Atafika tsamba lomaliza anaseka misozi ili m'masaya.

"Ababa, apa pokha mumve."

"Anati ndisawerenge."

"Simukuwerenga, ndikuwerenga ndine." Anakweza pepala. "Akuti: Tiya, ngati kalatayi yakupeza mochedwa usadabwe. Bambo ako ndimawadziwa. Adzadikira mpaka makina afe, kenako adzakalipira anthu osalakwa dziko lonse, koma adzakupatsa ndithu. Ukadzapeza mwamuna waphokoso ngati iwowo, usamangomva phokosolo, uziona kumene miyendo yake ikupita."

Ndinati mayi ake ankakonda kukokomeza zinthu. Tiyamike anandifunsa kuti ndakalipira angati. Ndinati palibe. Anandiyang'ana. Ndinati ochepa.

Loweruka ukwati unayenda bwino, mkamwini ndi mnyamata wofatsa, sindinamumvepo akukweza mawu, ndiye malangizo omalizawo mwina adzagwira ntchito kwa ana awo. Chimene ndaphunzira n'chachidule. Munthu akakusiyirani mawu m'makina, asindikizeni tsiku lomwelo, chifukwa sitolo imasanduka ya mawigi. Ndipo ngati mkazi wanu ankakudziwani bwino, musaime pafupi pamene kalata yake ikuwerengedwa.