Bolodi la Mivi Itatu

Zaka zija tinkayenda ndi khadi la chipani m'thumba, ine ndinkagwira ntchito pa pampu ya madzi ya mishoni ina kumapiri a Ntchisi. Pampuyo inali kumtsinje, m'kanyumba ka malata kotentha ngati uvuni. Thanki inali pamwamba pa phiri, mtunda woti ukakwera umafika lilime lili panja.

Ntchitoyi inali ya anthu awiri. Ine ndinkaliza injini kumunsi. Kuthanki kunkakhala mkulu wina wa ku Bowe, amene ndinkangowatchula kuti achimwene ngakhale anali a msinkhu wa bambo anga. Iwo ankasuzumira m'thanki, ndipo madzi akafika kukamwa ankamenya chitsulo cha gudumu la lole chimene anachipachika mumtengo wa msuku. Akamenya katatu, ndiye kuti zimitsa. Akamenya kamodzi, ndiye kuti akutsika, ndisamalize ndekha mbatata zimene ndinkaotcha za masana. Masana tinkakhala pakhomo pa kanyumbako, iwo n'kumandiseka kuti sukulu yanga yonse yathera kununkha dizilo. Ndinali ndisanakwatire, kwathu ku Nachisaka kutali, ndipo munthu wocheza naye tsiku lonse anali iwowo basi.

Chaka china a mishoni anaganiza zochotsa injini ya dizilo n'kuika pampu ya magetsi. Kunabwera mmisiri wochokera ku Lilongwe atatenga buku la zithunzi. Anati pakhoma payenera kukhala bolodi loyendetsera pampu, ndipo poti oliyang'ana tsiku ndi tsiku ndife, tisankhe tokha. Mabolodi anali awiri. Loyamba linali ndi kababu kofiira ndi mivi iwiri ngati ya wotchi, wina wa mphamvu ya magetsi, wina wa mphamvu ya madzi m'paipi. Lachiwiri linali ndi muvi wachitatu, wosonyeza pamene madzi afika m'thanki, waya wake wochokera kuphiri komweko.

Kwathu kuno mwana sayamba kuyankhula wamkulu ali pomwepo, choncho ndinapereka bukulo kwa achimwene ndi manja awiri. Kuwerenga sankadziwa, koma zithunzi anaziyang'anitsitsa. Anaika chala pa muvi wachitatu uja n'kufunsa ntchito yake. Mmisiri atafotokoza, anandibwezera buku.

"Sankhani inu a sukulu," anatero. "Maso ogwira ntchito ndi anuwo."

Wamkulu akakubwezera nkhani chonchi amakhala atanena kale zakukhosi, kwatsala n'kuti iwe umve. Ine ndinangomva ulemu wokhawo, mutu n'kukula. Kunena zoona ndinkaifuna mivi itatuyo. Ndinkadziona nditaima patsogolo pake ngati dalaivala wa basi, anamwino a pamishoni akudutsa n'kumasuzumira. Chitsiru ine! Ndinaloza lachiwiri. Mmisiri anati ndasankha mwanzeru, ine mano onse panja.

Bolodi linabwera mvula itatha. Linali lokongola ndithu, lotuwa, mivi ikunjenjemera pang'ono kuseri kwa galasi. Achimwene anapitiriza kukwera phiri m'mawa uliwonse. Muvi ukafika pamzere wofiira ndinkazimitsa pampu, ndiye patapita kanthawi chitsulo chinkalira katatu, kumunsi kuli kale zii. Zinandichititsa manyazi, moti ndinayamba kudikira dala kuti amenye kaye ndisanazimitse. Koma a ku ofesi ya mishoni si ana. Mwezi usanathe anaitana achimwene n'kuwauza kuti kuthanki sikukufunikanso munthu.

Tsiku lonyamuka anatsika ndi mphasa ndi kathumba ka zovala. Ndinafuna kupepesa, koma ndinalephera. Iwo sanandidzudzule, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Anangondiuza kuti chitsulo achisiya mumtengo momwemo, ku Bowe alibe womumenyera.

"Muvi wanuwo ukadzanama," anatero, "mudzakwere nokha mukasuzumire."

Sunaname ngakhale tsiku limodzi, ndipo n'chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri. Ndinakhala nalo bolodilo zaka zambiri. Ndinkalipukuta fumbi m'mawa, nthawi zina n'kulitukwana, ilo phee. Bolodi silikuseka, silikufunsa kuti wadzuka bwanji, silidziwa kuti kumudzi kwanu kwagwa maliro. Ndinasungulumwa, ndinene poyera, mpaka ndinkayankhula ndekha ngati wamisala. Mbatata ndinkaotchabe ziwiri, dzanja litazolowera.

Tsiku lina masana, muvi uli pakatikati, ndinatseka kanyumba n'kukwera phiri popanda chifukwa. Ndinasuzumira m'thanki, madzi ali pomwe muvi unanena. Chitsulo chija chinali chikadali mumsuku, chitachita dzimbiri, waya wake atalowa m'khungwa. Ndinatola mwala n'kuchimenya kamodzi. Chinalira mpaka kutsidya kwa mtsinje.

Kenako ndinatsika pang'onopang'ono. Kumunsi kunalibe woti andisungire mbatata.