Khungu la Pantchafu Padzanja Langa

Dzanja langa lamanja linapsa ku Nkaneng, mudzi wa pafupi ndi mgodi m'dziko la eni, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuonerera. Kumgodi kunali sitalaka, koma ine ndinapita kuntchito. Ndinkadziuza kuti tchona sanyanyala ntchito kwa eni ake. Pobwerera ndinakumana ndi gulu la ochita sitalaka litanyamula zibonga ndi zikwanje. Anandigwetsa, kundipondaponda, akukuwa kuti "Gundwane!", ndiye kuti khoswe. Kenaka anandikokera pambaula ya mayi wina wootcha chimanga. Amene anakanikiza dzanja langa pamakala anali mnzanga wa ku Tete, yemwe tinkagwira naye mashini oboola mwala, wolankhula chinenero changa chomwe. Fungo la mnofu wanga ndimalikumbukira mpaka lero.

Kuchipatala anasenda khungu pantchafu panga n'kulisokerera kuseri kwa dzanja ndi pazala. Pantchafupo ndi pamene pankawawa ngati tsabola, padzanja panali zii. Khungu latsopanolo linayamba lotuwa, kenaka linada kuposa thupi lonse n'kumanyezimira. Thukuta silinkatuluka. Linkakokana moti kukunga chibakera inali ntchito.

"Bambo, pakani mafuta, muzipinda zala tsiku lililonse," anatero namwino. "Kumva kumabwera pang'onopang'ono, kuyambira m'mbali."

Ndinkapaka, ndinkapinda, ndikutukwana. Patapita miyezi m'mbali munayamba kuyabwa ngati mukuyenda nyerere, koma pakati panali ngati chikopa cha nsapato. Dokotala wa kumgodi ankandibaya ndi singano nditatsinzina. Dzanja losamva salilola kutsika pansi, poti mwala ungaliphwanye mwini wake osadziwa. Kawiri konse sindinamve kanthu. Anati zikakanika kachitatu, ntchito yatha.

Kutatsala sabata imodzi kuti ndikayesedwenso, ndinakumana ndi wa ku Tete uja pokwerera matakisi ku Boitekong. Anavula chipewa.

"Achimwene, pepani," anatero. "Ndikanapanda kutero akanapha ine."

Mwina ankanena zoona. Koma ine ndine wamtima wapachala chibadwire. Dzanja lomwe linkakana kupindika lija linapindika lokha, ndipo ndinamukhoma nalo pakamwa. Mano awiri anagwa. Ndinabwereza, magazi ake ndi anga kusakanikirana pamalaya. Pomwepo ululu unandilasa mpaka m'chigongono. Khungu linali litang'ambika pamfundo za zala, ndipo ndinkamva, pakati penipeni paja. Ndinakhala pansi m'fumbi ndikuseka ngati wamisala, misozi ili chuchuchu. Ndinali wosangalala, sindinama.

Bala la mano a munthu limaola msanga. Pofika tsiku loyesedwa dzanja linali litatupa, mafinya akutuluka, zala ziwiri zitauma gwa. Dokotala anamasula bandeji, anapukusa mutu, koma anabayabe. Ndinadumpha.

"Likumva bwino," anatero. "Koma mashini silidzagwiranso."

Pepala londichotsa ntchito ndinasaina ndi dzanja lamanzere.