Thanki ya Bambo Owotcherera

Bambo owotcherera zitsulo, oyandikana nyumba ndi telala, sakhulupirira zowerengetsera. Tepi yoyezera amaikoloweka m'khosi ngati tayi, koma amayeza ndi diso, ndipo ukawafunsa za muyezo amangoti, "Chitsulo chimandidziwa ine." Telalayo, mayi woweta nkhuku kuseri kwa mpanda, amawapatsa ulemu poti geti imene bambowo anawotcherera siinagwepo.

Mwezi watha akazi a bambowo anadandaula kuti thanki ya madzi ikuchepa. Inali ya mbali zonse zofanana ngati dayisi, yokhala pa nsanja yachitsulo pafupi ndi mpandawo. Anapempha ina yolowa madzi kuwirikiza kawiri. Bambowo anawirikiza m'litali, m'lifupi ndi msinkhu womwe, n'kuikweza pa nsanja yakale ija.

Tsiku lodzaza madzi, telala ali pa makina anamva chitsulo chikulira. Potuluka anapeza nsanja itagwada, mpanda uli pansi, khola lake litaphwasuka, nkhuku zikuyandama m'matope. Anangogwira pakamwa.

"Ndinangowirikiza kawiri, mayi," anatero bambowo kwa telala. Anakokera thanki yakale pambali pa yatsopanoyo, n'kuziyang'ana nthawi yaitali. "Mathanki otere angalowe anayi pansi, anayi pamwamba. Asanu ndi atatu. Kodi enawa achokera kuti?"

"Ine ndinapempha madzi osamba, abambo, osati mtsinje," anatero akazi awo.

Khola latsopano la telala bambowo akumanga okha, mwakachetechete. Telala akasuzumira pa zenera amaona chimene sanaonepo chibadwire: tepi ija yatsika m'khosi, ili m'manja akuyezera.