Anasankha Otha Kuvina

Nyumba ija anaimanga bwino, ndisaname. Njerwa zowotcha, malata onyezimira, pansi pa simenti yopaka polishi wofiira, zitseko zabuluu. Kumbuyo kunali khitchini yake ndi mabafa ake. Aliyense wodutsa pamsewu ankacheuka. Ife ndiye tinkaiona bwino kuposa onse, chifukwa tinkagona pambali pake penipeni, m'chisakasa chodontha, iyo ili chikhomere.

Chaka chimenecho ndinapita ku boma la Kasungu ngati gadiyani wa mng'ono wanga. Kwathu ndi kwa Chulu, mkati ndithu, kumene galimoto imafika ikafuna fodya basi. Mng'ono wangayu mwana wake woyamba anabadwa ndi mpeni, ndiye anamwino a kusikelo ya kwathu anamuuza mosapsatira mawu kuti wachiwiriyu asayerekeze kuchirira kumudzi, chilonda chakale chikhoza kung'ambika. Anati mwezi ukangokwana akadikirire kuchipatala chachikulu, kuti matenda akayamba akhale ali pakhomo pa adokotala. Alamu anga sakanatha kuchoka. Munali mu Febuluwale, fodya akupsa m'munda, wothyola yemweyo, wosoka yemweyo, ndiponso za kuchidikiro ndi za amayi. Ndinasiya ana anga kwa apongozi, tinasenza ufa, nyemba, mphasa ndi kamtolo ka nkhuni, ulendo.

Amene anamanga nyumba ija anali a kalabu. Ife tinkangoti kalabu ya mabwana. Munali mamanijala a maesiteti a fodya, wa kubanki, makalaliki akuluakulu a m'maofesi, eni masitolo. Ankakumana kuhotela atavala majekete a kabaji pachifuwa, ndipo wapampando wawo ankakoleka tcheni m'khosi ngati ng'ombe ya pangolo. Ankati iwo ntchito yawo ndi kutumikira anthu ndi kudzutsa tauni. Zina ankachitadi. Mjigo wa kumsika anakumba ndi iwowo, madzi ake ndinamwa ine. Migolo ya zinyalala, maluwa a pamphambano, miyala yopaka laimu m'mbali mwa msewu, zonsezo zinali zawo. Ataona amayi apakati akugona m'chisakasa akuti mtima unawapweteka, anasonkherana, anachititsa madansi, n'kumanga chidikiro chenicheni. Atamaliza anakhoma loko, kuti a Nduna adzatsegule kaye. A Ndunawo tsiku ankangolisuntha, lero akuti ali ku Lilongwe, mawa akuti aperekeza akuluakulu kukayendera mbewu.

Chisakasa chathu udzu wake unali utawola kalekale. Mvula ikabwera tinkapinda mphasa, kukumbatira timatumba ta ufa, n'kuimirira mothithikana pakona pomwe pankadontha pang'ono. Anthu a mimba zawo, ena a lero ndi mawa, chiimire mpaka mvula ikate. Nkhuni zonyowa, utsi m'maso, udzudzu osanena. Mng'ono wanga mapazi anatupa mpaka patapata anakana kulowa. Iye sankadandaula. Anabadwa choncho, ukamuponda amapepesa ndi iyeyo. Ine ayi. Pakamwa pangapa ngakhale amayi anga anapalephera.

Ndinayamba ndi alonda a nyumbayo.

"Abambo, tatsegulani khitchini yokhayo tiziphikamo. M'zipinda sitilowa."

"Mayi, ine ndimalondera loko. Kiyi wake sindinamuonepo chiyambire."

Loweruka lina kunabwera akazi a mabwana aja, atavala zipewa zazikulu, kudzabzala maluwa kuzungulira nyumbayo. Mkazi wa wapampando anali mayi wojintcha, wa mawu ozizira bwino. Anatigawira sopo, aliyense kachidutswa, wojambula zithunzi akutiuza kuti timwetulire. Atatha anatipempha kuti tisamayanike nsalu pampanda, zikuthyola maluwa. Pamenepo ndinalephera kupirira.

"Amayi, zikomo sopoyu. Koma nyumbayi si mwamangira ife?"

"Ndi yanu, mayi. Yanu ndithu."

"Nanga tikunyoweranji ili pomwepa?"

Anaseka pang'ono n'kundigwira paphewa. "Mukalowa lero, pofika tsiku lotsegulira makoma adzakhala atada ndi utsi. Ndiye a Nduna adzatsegula chiyani? Pirirani pang'ono, mayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Nkhono tinkaziona tsiku ndi tsiku zikukwawa pamphasa zathu, ndipo ndinkafuna ndiwauze zimenezo. Koma mayi wina wa ku Chamama, mnzathu wa m'chisakasamo, ananditsina m'nthiti. Madona atachoka anandikokera pambali. "Inu a kwa Chulu, ana anu mukufuna alere ndani?" M'kalabumo munalinso akuluakulu a chipani, ndipo chipani chinali chimodzi chokhacho. Kudandaula kunali kunyoza chitukuko, ndipo wonyoza chitukuko ankachoka osatsanzika. Ndinameza mawu anga.

Tsiku litadziwika, tauni yonse inapenga. Ana asukulu kutchetcha, akaidi kupaka laimu mitengo, ogulitsa zitumbuwa kuwathamangitsa, okonza njinga kuwasamutsa ndi zitsulo zawo zomwe. Wamisala wa padepoti anamukweza galimoto kukamutula kutali. Ife m'chisakasa tinkangosekerera, tikuti basi mavuto atha, tigona pouma. Sitinadziwe kuti pa zinyalala zoti zichoke tinaliponso ife.

Kutatsala tsiku limodzi, m'mawa, kunafika lole ya kuesiteti yonunkha fodya. Munatsika mlembi wa kalabu, bambo wochepa thupi wa tayi, pamodzi ndi anyamata a chipani a malaya ofiira. Mlembiyo anati chisakasa chigwetsedwe lero lomwe, a Nduna sangatsegule nyumba yokongola moyang'anizana ndi khola. Anatero ndithu, khola, ife tili momwemo. Anati amayi ochepa atsala kuti adzalandire alendo, ena tonse tipite kwathu, mwambo ukatha lole yomweyo idzatitenga kudzalowa m'nyumba yatsopano.

Otsalawo anawasankha motere. Anaimika amayi apakati onse pamzere, mnyamata wina anayambitsa nyimbo, akuti ombani m'manja, vinani tione. Ankafuna amayi oti adzathe kuima tsiku lonse ndi kuvina pamaso pa a Nduna, mimba zikuoneka bwino m'nsalu zatsopano zimene kalabu inagula. Tsono taganizani nokha. Mayi wotha kudumpha ndi uti? Ndi amene masiku ake akadali kutali. Amene mwana watsika kale, woyenda atagwira msana, amene nyumbayo anamangira kwenikweni, ameneyo ndiye woti akwere lole. Amuna ophunzira, oyendetsa maesiteti, odziwa tsamba lakupsa poliona patali, analephera kuona zimenezi. Kapena anaona, koma sizinawakhudze. Mpaka lero sindidziwa chopweteka kwambiri ndi chiti.

Mng'ono wanga anayesa, mwana wa amayi anga. Anasuntha mapazi otupa aja uku ndi uku, thukuta kamukamu, kenako anangokhala pansi. Mlembi analoza lole ndi chibwano.

Namwino wina wachikulire anatuluka m'wodi akuthamanga. "Abwana, uyu asachoke. Ali ndi chipsera cha mpeni, ndipo ndi wa lero kapena mawa. Ngati pano ayi, ndimugoneka pansi m'wodimu, mabedi adzaza."

"A Nduna adzayenderanso mawodi," anatero mlembi. "Wogona pansi asapezeke. Ndi masiku awiri okha, asisitala. Kapena mukutsutsana ndi dongosolo la a Nduna? Nenani mokweza, anyamatawa amve."

Namwino uja anayang'ana pansi. Sindimuda, nayenso anali ndi ana ake. Koma ine mutu unazungulira.

"Bambo inu, munabadwa kwa mkazi kapena munatuluka m'belo la fodya?"

Mnyamata wa malaya ofiira anandipotokola mkono, akufunsa dzina langa ndi mudzi. Ndinali wokonzeka kumuuza, ndi la agogo anga lomwe. Mng'ono wanga ndiye anandigwira nsalu. "Akulu, chonde, tiyeni. Akakutengani, ine nditsala ndi ndani?" Ndinaganiza zoti tikabisale pakhonde la sitolo iliyonse, koma m'makondemo anali akusesamo anthu chimodzimodzi, ndipo m'tauni sitinkadziwa munthu. Tinakwera. Tisanatuluke pageti, chisakasa chinali chitagwa kale.

Lole inatitula patali ndi kwathu, pamasitolo, dalaivala akuti dambo ladzaza sangawoloke. Bambo wina wachisilamu wa golosale atationa sanafunse zambiri. Anatulutsa njinga yake, akuti mudzabweza mukadzapeza mpata. Ndinamukweza mng'ono wanga pakaliyala n'kumakankha, podutsa madzi ndikumugwira m'chiuno. Alamu anga atationa tikulowa m'mudzi anagwetsa mikangala ya fodya imene ananyamula.

Matenda anayamba m'mawa wa tsiku la mwambo lenilenilo. Lole yoti itibwerere ija inali kalikiliki kututa anthu m'maesiteti kuti akaombe m'manja. Alamu anamanga ng'ombe pangolo, tinayala matiresi a udzu, tinanyamuka. Padambo ngolo inatitimira. Amuna anathamanga kuchokera m'zigafa, manja ali bii ndi phula la fodya, kukankha, kukumba, kumenya ng'ombe zosalakwa, koma ayi ndithu. Mapeto ake anazula chitseko cha nyumba ina, kumugoneka mng'ono wanga pamenepo, kumuwolotsa pamapewa. Katundu wathu yense anagwera m'matope. Iye sankakuwa. Ankangoluma nsalu, maso ali pa ine, ndipo ine ndinkamunamiza kuti tafika.

Kumsewu tinakhala nthawi yaitali. Galimoto zonse zinali zitapita ku boma. Yomwe inadutsa inali yodzaza amayi oimba, ndipo sinaime. Dzuwa litapendeka kunabwera thalakitala yokoka nkhuni zowotchera fodya, ndiyo inatinyamula. Tili m'njira mng'ono wanga anakuwa kamodzi kokha, kenako anati zii, thupi kuzizira, milomo kuyera. Ndinadziwa kuti chimene anamwino ankanena chija chachitika.

Tinafika mwambo utatha, anthu akupakira mipando. Zitseko zabuluu zija zinali zotsegula. Amayi osankhidwa aja anali pakhonde m'nsalu zawo zatsopano, akumwa zoziziritsa kukhosi zotsala. Wa ku Chamama uja, amene naye anatsala chifukwa ankatha kuvina, atationa anagwira kumutu.

Adokotala anachita zimene akanatha. Mng'ono wanga anamupulumutsa, koma chiberekero chinali chitang'ambika moti anachichotsa. Mwana anamutulutsa atapita kale. Anali wamwamuna, wamkulu bwino, wa tsitsi lambiri. Akanakhala kuti mng'ono wanga anamusiya m'khola lawo lija, pomwe panali pongoyenda pang'ono kukafika kwa adokotala, bwenzi lero mwanayo ndi bambo wa ana ake. Zimenezi palibe amene anazinena pawayilesi. Pawayilesi anati anthu a ku Kasungu athokoza kalabu yawo chifukwa chokonda amayi.

M'mawa mwake madona aja anabweranso, ulendo uno m'wodi, ndi timaphukusi ta mphatso za ana obadwa pa tsiku lotsegulira chidikiro. M'kaphukusi munali shawelo, matewera ndi sopo. Mkazi wa wapampando anafika pabedi pathu akumwetulira. Sanatizindikire, ngakhale ine amene anandigwira paphewa.

"Mwachira, mayi? Mwatipatsa chiyani, wamwamuna kapena wamkazi?"

"Anali wamwamuna," anatero mng'ono wanga.

Mayi uja anasiya kumwetulira. Anayang'ana pambali pa bedi, anayang'ana ine. Anati pepani, anaika kaphukusi kumiyendo, n'kupita pabedi lotsatira, kumene ndinamumva akufunsanso funso lomwelo. Ndinatola kaphukusiko kuti ndimugende nako kumsana, zondigwera zindigwere. Mng'ono wanga anandigwira dzanja, mphamvu alibe, koma anagwira.

"Akulu, musataye. Nsalu zathu zonse ndi matope. Mukamukulunga m'chiyani?"

Tinamukulunga m'shawelo yawoyo. Inali yoyera, yofewa, sindinagwirepo nsalu yotero m'moyo mwanga. Mwana wobadwa wakufa kwathu timati nthayo, ndipo alibe maliro. Amakamuika amayi okhaokha, opanda bokosi, opanda nyimbo, m'mphepete mwa manda. Alamu anga anatsala pageti la chipatala atagwira chipewa. Amayi achikulire angapo, magadiyani anzanga, anabwereka khasu n'kundiperekeza kumanda a alendo kuseri kwa tauni. Tinadutsa mumsewu womwe uja wa miyala yoyera, ine nditamufukata ngati wamoyo kuti anthu asacheuke.

Titakwirira, mmodzi wa amayiwo anaona nkhope yanga n'kundichenjeza. "Mwana wanga, gwira mtima. Nthayo salira. Ukalira, mng'ono wako sadzaberekanso."

Mwambowo ndinkaudziwa, ndipo kuyambira m'wodi muja ndinali ndikuusunga. Koma nditamva akuunena, ndinakumbukira zimene adokotala anachotsa dzulo lake. Panalibenso choti nditeteze. Ndinawauza amayi aja zimenezo, anayang'anana. Ndinakhala pansi m'matopemo n'kulira mokweza, ndipo iwo anandisiya.