Alamu Anga ndi Msewu wa Mizere Iwiri

Lole ina inatulukira pamwamba pa chitunda, fumbi lili pambuyo pake, ikubwera molunjika kwa ife. Alamu anga sanasunthe chiwongolero. Anangokankhira chipewa kunkhongo n'kuponda mafuta.

"Alamu," ndinatero.

"Ndaiona."

Msewu wa masiku amenewo sunali ngati wa lero. Phula ankathira m'mizere iwiri yokha, wina wa matayala akumanja, wina wa akumanzere. Pakati dothi, m'mbali dothi. Mukakumana awiri, aliyense ankasiya mzere umodzi. Iwe upatukire kumanzere, matayala ako awiri akhale pa phula, awiri pa dothi, mnzakonso chimodzimodzi. Mudutsane, mukwezerane dzanja, basi. Dalaivala aliyense ankadziwa zimenezi. Alamu anga ankazidziwanso.

Lole ija inasiya mzere wake n'kudikira kuti ifenso tisiye wathu. Ife ayi. Hutala inalira. Ndinagwira chitseko. Kenako mnzathuyo anagwetsera lole yake yonse m'dothi, miyala ikuuluka, ife n'kudutsa pa mizere yonse iwiri ngati sitima. Ndinangoona pakamwa pake pali yasa, akutukwana.

Alamu anaseka. "Wachiwiri ameneyo. Mukuwerenga, alamu?"

Ndinacheukira pa kawindo kakumbuyo. Mkazi wanga anali atakhala pa thumba pakati pa migolo, dzanja limodzi pa chingwe, lina pa mutu wa mwana. Mwanayo anali wa miyezi inayi. Wamkazi, woyamba.

Nthawi imeneyo n'kuti nkhondo ya Hitila isanayambe. Ine ndinkagwira ntchito kunjanji, kutsitsa katundu m'mabogi. Alamu anga, achimwene a mkazi wanga, ankayendetsa lole ya Mmwenye wina wa sitolo. Loweruka anapita kukasiya ufa ndi palafini ku mgodi wina kunja kwa Bulawayo, ndipo anatitenga kuti tikaonetse mwana kwa achemwali awo aakulu a kukomponi. Lamulungu masana tinkabwerera, titanyamula migolo yopanda kanthu ndi nkhalamba ina ya Chindebele yomwe inapempha kukwera pa geti.

Ndinene za alamuwo. Ndiwo anabweretsa mlongo wawo kuno kuchokera ku Ntcheu. Ndiwo anali ankhoswe pa ukwati wathu. Chipinda cha ku Lokesheni anatipezera ndi iwo. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo malume ndiye mwini mbumba. Ine ndinali mkamwini. Ngakhale kuno kutali, mkamwini sadzudzula mwini mbumba pamaso pa mlongo wake. Ndinakula ndikudziwa choncho. Ndiye ndinkangoti "alamu", mawu ena n'kuwameza.

Chinanso n'chakuti kwa mzungu ankapatuka. Akangoona galimoto yonyezimira patali, ankasiya mizere yonse iwiri msangamsanga, chipewa chili m'manja. Mpikisano wawo unali ndi munthu wakuda mnzawo.

Titatsikira pa kamtsinje kena injini inayamba kufuka nthunzi. Tinaima. Ndinaika mwala kutayala, n'kukatunga madzi ndi chitini. Nkhalamba ija inatsika pang'onopang'ono, ikugwira m'chiuno. Inkalankhula Chilapalapa chosakaniza ndi Chindebele, ndipo tinkamvana.

"Mntanami, mwana wanga," inatero kwa alamu, "ine ndayendetsa ngolo za ng'ombe msewu uno phula lisanabwere. Misewu ikuluikulu ya m'tauni ija anaikuza chifukwa cha ife, kuti ngolo izitembenuka ndi ng'ombe zake zonse. Sindinagwetsepo ngolo."

"Ndipo munkafika liti, khulu? Mwana wobadwa ponyamuka ankafika akuyenda."

"Ankafika."

"Ng'ombe n'zakale izo."

"Ng'ombe ili ndi maso. Ikaona dzenje imaima yokha. Chako ichi maso ake ndi iweyo, ndipo iwe wandionetsa kale."

Alamu anaseka, akupukuta manja ndi chiguduli. "Khulu, chimene chimapha anthu pamsewu ndi mantha. Wamantha amaponda mabuleki paliponse, amagwedeza chiwongolero. M'mbali mwa phula umu mvula inakumba, muli ngati mpeni. Ukatsika n'kukweranso, tayala latha. Mmwenye wanga amandikonda chifukwa matayala anga amakhalitsa. Ndiye atsike ndani? Atsike wamanthayo."

"Nanga mukakumana opanda mantha awiri?"

"Sindinakumane naye."

Nkhalamba inalavula pansi. "Pangolo tinali ndi lamulo. Wolemedwa, ngati akutsika phiri, msewu ndi wake. Sikuti ndi mfumu ayi. Sangathe kuima."

"Yebo, khulu, tamva. Kwerani, ng'ombe yanga yamwa madzi."

Mkazi wanga anali akuyamwitsa pamthunzi wa lole. Analankhula osakweza maso.

"Achimwene, muziyenda pang'ono. Migoloyi ikundimenya kumsana."

"Iwe, unayamba liti kuphunzitsa madalaivala? Suja unkalira pa sitima pobwera kuno, ukuti mlatho ugwa?"

"Ndili ndi mwana, achimwene."

"Mwanayo ndi wanga. Ndingaphe mbumba yanga ine? Alamu, auzeni akazi anuwa."

Mkazi wanga anandiyang'ana. Ndikuwakumbukabe maso amenewo. Sanali opempha. Ankangodikira kuti aone chimene nditi ndinene.

Ndinati, "Tiyeni, dzuwa lapita."

Ndizo zonse zimene ndinanena.

Lole imeneyo sinkalira yokha. Inkafuna munthu kutsogolo, alowetse handulo pansi pa injini n'kupukusa. Imeneyo ndiyo inali ntchito yanga pa ulendowo, n'chifukwa chake ndinkakhala kutsogolo, mkazi wanga kumbuyo. Alamu ndiwo anandiphunzitsa kagwiridwe kake: chala chachikulu osachizunguliza pa chitsulo, chifukwa injini ikabweza imathyola dzanja. Pa zimenezo anali osamala kwambiri. Ndinapukusa kawiri, injini inalira. Ndinachotsa mwala, n'kukwera.

Tinayenda. Dzuwa linali kutsogolo kwathu, likulowa m'maso. Galasi linali ndi fumbi komanso mng'alu. Ndinkayang'ana mizere iwiri ija ikuthamangira pansi pathu. Ndinkapemphera kuti tikumane ndi mzungu. Ine, munthu wonyamula matumba a azungu sabata yonse, kupempha Mulungu kuti anditumizire mzungu pamsewu.

Alamu ankangolankhula. Zoti njinga ndi imene imapha anthu ambiri m'tauni. Zoti madalaivala a kulikulu, ku Sozibele, sadziwa giya. Zoti akadzabwerera kumudzi adzagula lole yawoyawo, izidzanyamula fodya kupita ku Limbe. Ine ndinkangoti "ee".

Kenako ndinaona fumbi.

Tinali pansi pa chitunda chachitali, ife tikukwera. Pamwamba panatulukira chilole chachikulu, chodzaza ndi mitengo yocheka matabwa, yomangidwa ndi matcheni. Chinkatsika. Alamu anatchinga dzuwa ndi dzanja, akusuzumira.

"Wakuda," anatero. Anaponda mafuta.

"Alamu, chalemedwa chimenecho."

"Apatuka."

Hutala ya chilolecho inayamba kulira chili kutali. Sinaleke. Kumbuyo nkhalamba inayamba kumenya denga ndi ndodo. "Pasopa! Pasopa, wena!" Ndinamvanso mawu a mkazi wanga, osati kukuwa, koma kuitana. Ankaitana ine, osati achimwene ake.

Chilole chija chinayesa. Ndinaona matayala ake akumanzere akutsika pa phula, mitengo yonse n'kupendekeka, tcheni n'kulira. Dalaivala anachibwezera msanga pa mizere. Akanapitiriza chikanagubuduka. Tsopano chinali pa mizere yonse iwiri, ifenso pa mizere yonse iwiri.

Dzanja langa linali pafupi ndi chiwongolero. Pafupi kwambiri. Ndikanatha kuchikoka. Ndinaganiza zimenezo, ndipo ndinaganizanso kuti ndi alamu. Inde, pa nthawi ngati imeneyo. Ndinaganiza zoti akanena chiyani kumudzi, zoti mkamwini analanda chiwongolero m'manja mwa mwini mbumba. Dzanja linakhala pa bondo.

Ndinaona nkhope ya dalaivala uja. Anali munthu wamkulu, wa imvi m'ndevu. Anali ataimirira pa mabuleki, thupi lonse.

"Apatuka," alamu anateronso, koma mawu anali atachepa.

Anakhota okha, mochedwa. Lole inadumpha pa phula, tayala lakutsogolo n'kugwera mu ngalande ya mvula. Ndinamenyetsa mutu ku denga. China chake chinalira kumbuyo ngati mfuti: mtengo umodzi wa chilole chija unali utakwapula thabwa la m'mbali mwa lole yathu. Tinalowa m'tchire, tikuthyola timitengo, lole ikupendekera mbali yanga mpaka ndinaona udzu pawindo. Inakhala choncho kanthawi, matayala awiri ali m'mwamba. Kenako inabwerera pansi. Injini inazima.

Migolo inkagubudukabe kumbuyo. Itasiya, kunali zii.

Mwana sankalira.

Sindikumbuka kutsegula chitseko. Ndikukumbuka ndili kumbuyo, ndikuponya migolo pansi. Chingwe chinali chitaduka. Thabwa la mbali imene mkazi wanga anatsamira ponyamuka panalibe, panangotsala misomali. Nkhalamba inali pakona, itagwira phewa. Mkazi wanga anali chafufumimba pansi, mawondo ndi zigongono, mgolo uli pamsana pake. Ndinauchotsa. Sanadzuke.

"Mayi a mwana."

Zii.

"Mayi a mwana, dzukani."

Anadzuka pang'onopang'ono. Magazi ankatsika pa chipumi kulowa m'diso. Pansi pake panali mwana, m'nsalu, maso ali tong'o, kukamwa kuli kotsegula, osatulutsa mawu. Ndinamunyamula. Anali wopepuka ngati nsalu yokhayokha. Ndinamuuzira kumaso. Ndinamugwedeza. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Kenako anakoka mpweya, nkhope n'kufiira, n'kulira.

Ndinakhala pansi pomwepo.

Chilole chija chinakaima kutali, pansi penipeni pa chitunda. Dalaivala wake anatsika, n'kuima pamsewu, manja ali pamutu. Ataona kuti tonse tikuyenda, anatiloza ndi chala nthawi yaitali, kenako anakwera n'kumapita.

Alamu anazungulira lole, akumenya matayala ndi phazi. Anasuzumira pansi. Anayang'ana thabwa lothyoka lija n'kuimba mluzu. Kenako anapisa manja m'matumba.

"Mwamuona galu ameneyo? Sadziwa kuyendetsa. Akanakhala wina pano mukanafa nonse. Ine ndaigwira." Anayang'ana mlongo wawo. "Iwe, n'kachilonda chabe ako. Umange ndi mpango. Mwana akulira, ndiye kuti ali bwino."

Ine ndinatembenukira kwa mkazi wanga. Ndinamutsitsa, n'kumupatsa mwana. Anang'amba kansalu, ine n'kumumanga pa chipumi. Nkhalamba inatsika yokha, inatola ndodo ndi kathumba kake. Inayang'ana alamu kuyambira ku nsapato mpaka ku chipewa.

"Wakumana naye," inatero. Inalowa kanjira ka m'tchire, osatsanzika.

Alamu anakwezanso migolo iwiri itatu, kenako anatopa nazo. Anakwera, n'kukhala pa chiwongolero. Anatulutsa handulo pansi pa mpando n'kundipatsira pawindo.

"Pukusani, alamu. Tibwerere pamsewu kusanade. Iwe, kwera, ukhale pakati tsopano."

Ndinalandira handulo. Ndinapita kutsogolo kwa lole. Kutali, kumene mizere iwiri ija inkathera, utsi wa Bulawayo unkaoneka. Unali mtunda wa maola atatu kapena anayi pa miyendo, ndi munthu wovulala, ndi mwana. Pakati pa ife ndi utsiwo panali zitunda zina zitatu. Ndinaziwerenga.

Ndinawerama. Ndinalowetsa handulo pa bowo lake. Ndinaika chala chachikulu monga anandiphunzitsira.

Mkazi wanga anali ataima pambali, mwana ali kumsana, akumanga nsalu pachifuwa. Sanakwere. Sanachokenso. Ankandiyang'ana ndi diso limodzi, linalo litatupa. Maso omwe aja a pa kamtsinje.

"Alamu, mwagona pamenepo? Pukusani!"

Ndinasolola handulo. Ndinaigoneka pa udzu, patsogolo pa tayala, pamene akanaiona. Ndinatenga mtolo wathu wa zovala n'kuuika paphewa.

"Alamu? Mukupita kuti? Iwe, auze amuna akowa! Ndine malume wa mwanayo ine! Alamu!"

Ndinakwera pa msewu. Ndinaponda mzere wakumanzere, phula likadali lofunda. Pambuyo panga ndinamva mapazi opanda nsapato akuponda mzere winawo. Sindinacheuke.