Makalata a Haradhan Pal Anakathera pa Okushoni

A Haradhan Pal anadyera cholembera chawo zaka makumi atatu ndi zinayi. M'mawa uliwonse ankayala kansalu pakhonde la positi ofesi ku Howrah, n'kukhazikapo kabokosi kamatabwa ndi botolo la inki. Amtengatenga a pa siteshoni ndi amayi ochapa zovala ankabwera kudzawauza zoti alembere abale kumudzi. Wina akati, "Muuzeni mkaziyo kuti ndalama ndilibe," a Haradhan ankakometsa mawuwo mpaka mkaziyo n'kumva chisoni m'malo mokalipa. Dzanja lawo linkadziwika msewu wonse, zilembo zopendekeka pang'ono, zolendewera pamzera ngati zovala pachingwe.

Mafoni a m'manja atafika, ntchitoyo inafa yokha. Koma chimene chinawakalambitsa msanga chinali china. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Jhumur, anakwatiwa ndi munthu wa chipembedzo chosiyana ndi chawo, Msilamu, telala wa ku Metiabruz dzina lake Sohrab. A Haradhan anaima pakhomo, anthu akuonerera, n'kulengeza kuti mwana wawo wamwalira. Sanalekere pomwepo. Anameta mpala, anaitana wansembe, n'kuchita mwambo wonse wa maliro a munthu wamoyo. Akazi awo, a Sabitri, anakana kuphika tsiku limenelo, ndipo kuchokera pamenepo nkhani za m'nyumbamo zinali za mchere ndi madzi osamba basi.

Mkwiyo sunathe ndi chaka chomwe, koma manyazi anamanga nyumba. A Haradhan anayamba kulembera Jhumur makalata m'makope a ana asukulu. Ankalemba masana akazi awo akapita kumsika, n'kubisa makopewo pansi pa mulu wa nyuzipepala zakale pamwamba pa kabati. Zaka khumi ndi chimodzi analemba, osatumiza ngakhale imodzi, chonsecho sitampa anali nazo.

Chaka china, pokonza m'nyumba chikondwerero cha mulungu wawo wamkazi Durga chisanafike, a Sabitri anaitana wogula mapepala akale n'kumugulitsa mulu wonsewo pa sikelo. A Sabitri sankadziwa kuwerenga. A Haradhan atabwera n'kupeza pakabati pali mbee, anangofunsa kuti, "Mwagulitsa zonse?" Atamva kuti inde, anakhala pansi. Anadzitonthoza kuti mapepala otero amakathera kwa amayi omata timatumba togulitsiramo mpunga wokazinga ndi mtedza, ndipo munthu akadya amangotaya.

Patapita miyezi isanu ndi itatu, a Bhola, mnzawo wogulitsa tiyi pakona, anawakodola ali ndi nyuzipepala m'manja.

"Alembi! Mwatchuka osatiuza? Dzanja ili ndi la ndani? Ine munandilembera makalata a chibwenzi anayi, nditha kulizindikira ngakhale mumdima."

Panali chithunzi cha chiguduli chakale cha mpunga chotambasulidwa pakhoma. Pachigudulipo panali timatumba tamapepala makumi awiri ndi titatu tokhomedwa ndi tizingano, tina tili ndi madontho a mafuta a mpiru. Nkhani yake inati mmisiri wina wa zaluso, Tuhina Sen, anagula mpunga wokazinga padoko, anawerenga kathumba kake, n'kugula timatumba tonse timene wogulitsayo anali nato. Tsopano chinthucho chinali kupita pa okushoni Loweruka, mu hotela ina kutsidya la mtsinje.

"Si langa," anatero a Haradhan. "Anthu olemba chonchi ndi ambiri."

"Nanga thukuta mukutuluka bwanji, tiyi musanamwe?"

Loweruka anavala nsalu yawo yoyera ya pa zikondwerero, n'kuuza a Sabitri kuti akukaona dokotala wa maso. Pakhomo la hotela mlonda anawayang'ana kuyambira kumapazi. "Madala, obweretsa katundu amadzera kuseri." Anamuonetsa nyuzipepala ija, mlondayo n'kuwalola monyinyirika.

M'katimo munkazizira ngati m'chipatala. Chiguduli chinali pakhoma loyera, nyale zitatu zikuchiwalira. A Haradhan anayandikira, n'kuona mawu awo atapindika m'makona, ena atadulidwa pakati ndi lumo. "Lero ndaona mapapaya aang'ono aja unkawakonda." "Nsapato zako za kusukulu ndinazisunga." "Ndikaima pa mlatho ndimayang'ana mbali ya kwanu."

Mayi wina wovala ndolo zolemera ankawerenga mokweza, akumasulira mwamuna wake m'Chingerezi. Kenako anapukuta m'maso ndi kampango. "Bambo ameneyu ankamukonda mwana wake," anatero. "Imfa ya mwana ndi yowawa."

A Haradhan anawerenga kapepala komata pambali. Kanati awa akuoneka kuti ndi makalata a bambo wosadziwika kwa mwana wake wamkazi amene anamwalira. Anafunafuna ndi maso masamba amene anaululamo zimene anachita, za mpala, za wansembe, za mawu aja a pakhomo. Masambawo sanaoneke. Mwina anapindikira m'kati, mwina wina anadyeramo mtedza n'kutaya m'ngalande. Chimene chinatsala pakhomapo chinali bambo wabwino, ndipo anthu ankamulirira. Akanawaseka, akanapirira. Koma kuwamvera chisoni kumeneku sanathe kukupirira.

"Agogo, mwaima nthawi yaitali. Chakugwirani mtima?" Anali mtsikana wa tsitsi lodula, Tuhina Sen mwini wakeyo.

"Mwanayo sanamwalire," anatero a Haradhan mawu asanawapime.

Tuhina anatong'ola maso. "Mukumudziwa amene analemba? Ndamufuna miyezi isanu, mpaka ndinafika kwa amayi omata timatumba aja!"

Apa mpamene a Haradhan akanati, "Ndine." Pakamwa panatseguka ndithu, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Ine ndinali mlembi wa makalata ku Howrah. Munthuyo ankangondiuza, ine n'kumalemba. Anali munthu woipa mtima."

"Ali kuti? Ndikufuna ndimupatse gawo lake, ndipo ngati sakufuna, ndichichotsa pa malonda lero lomwe."

"Anasamuka kalekale."

Anakhala pampando wakumbuyo kwenikweni. Wogulitsa anatchula nambala ya chigudulicho, manja n'kuyamba kukwera. Mtengo unadutsa wa nyumba yawo, ndipo chinagwera munthu wa ku Delhi amene ankapikisana pa foni. Kanyundo katagogoda anthu anaomba m'manja. A Haradhan nawonso anapezeka akuomba, poopa kuoneka achilendo. Atazindikira, anabisa manjawo pakati pa mawondo.

Kunyumba anapeza a Sabitri akusankha mphodza, nyuzipepala ina ya nkhani yomweyo ili pambali pawo.

"Maso ali bwanji, bambo a Jhumur?"

Dzina limenelo anali asanalimve zaka zoposa khumi ndi chimodzi. Anaima pakhomo nsapato imodzi ili m'manja.

"A Bhola andiwerengera," anapitiriza a Sabitri, osakweza mutu. "Koma Jhumur anaona kale Lachitatu. Dzanja la bambo ake angalisowe? Mumaganiza kuti Lachitatu lililonse ndimakhala kumsika maola anayi ndikugula chiyani? Ndimapita kwa mwana wanga. Ine sindinamete."

"Wati chiyani?"

"Wati anthu a mu hotela awerenga makalata ake iye asanawaone. Wati ngati muli ndi mawu, miyendo muli nayo."

A Haradhan anatha masiku asanu ndi anayi akuzengereza, akunamizira bondo, kenako mvula. Tsiku lakhumi anakwera basi ya ku Metiabruz atanyamula kabokosi ka maswiti amkaka. Msewu wa matelala unali phokoso la makina osokera lokhalokha. Sohrab, amene tsopano anali ndi imvi m'ndevu, anawazindikira ali patali. Anaimitsa makina, anapukuta mpando ndi nsalu ya kasitomala, n'kunena kuti, "Khalani apa, bambo," ngati ankabwera mlungu uliwonse.

Jhumur anatsika masitepe manja ali ndi ufa. Anali atanenepa, akufanana ndi amayi ake. Sanawagwire mapazi monga mwana achitira kholo popereka ulemu kumeneko. Anaima patali.

A Haradhan anali atakonza mawu abwino m'basi monse, koma onse anathawa. "Ndinachita maliro ako," anatero. "Uli moyo."

"Ndikudziwa. Anthu anabwera kudzandiuza zimene munaphikitsa."

"Ku hotela kuja ndinakananso. Ndinati analemba ndi munthu wina."

Jhumur anapukuta ufa m'manja. "Ndiye mukamuuze mtsikanayo zoona. Akonze kapepala kake. Ine sindikufuna kukhala wakufa pakhoma la munthu wa ku Delhi."

"Ndikamuuza."

"Tiona." Anatembenukira kwa mwamuna wake. "Sohrab, apatseni madzi, angaume pakhosi pano n'kutinamizira ife." Atakwera masitepe awiri anaimanso. "Nsomba ndaphika ndi tsabola wambiri. Ngati mimba yanu ikadali ija, mudya mpunga ndi mphodza."

A Haradhan analandira kapu yamadzi kwa Sohrab ndi manja awiri, n'kumwa onse. Mlungu wotsatira analembera Tuhina Sen kalata ya masamba atatu, n'kukaiponya okha ku positi ofesi. Gawo la ndalama anakana. Ngati kapepala kaja kanakonzedwa ku Delhi, sanamve. Ku Metiabruz ankapitabe Lachitatu lililonse pamodzi ndi a Sabitri, ndipo panatha miyezi isanu Jhumur asanawatchule kuti bambo.