Wosula Nsonga wa kwa Kasisi

Mkulu wosula zitsulo kwa Kasisi sakoleza moto asanafunse kuti, "Mukalasa chiyani?" Kwa iye nsonga si imodzi. Ya mkondo wolasira mlamba imafuna ngowe kuti nsomba isapulumuke, ya mvuu imafuna kulemera, pomwe ya zingano yosokera matumba a thonje amaipinda pang'ono. Zitsulo amakatola kudoko la sitima za pa Shire, ndipo amadzitama kuti nsonga yake sinabwereko ndi dandaulo.

Chaka china madzi osefukira ataphwa, kunabwera Geresomo, mlimi amene ankalimbirana dimba ndi mwamuna wa mlongo wake. Maso anali psuu.

"Mundisulire mkondo, bambo."

"Mukalasa chiyani?"

"Ng'ona."

"Ng'ona ya kudimba ija? Ndimaidziwa. Ana ake amakutchulani atsibweni."

Geresomo anangoti zyoli. Mkuluyo anafukuta moto, nayamba kusula. Chitsulo chitazizira anamupatsa, koma sunali mkondo ayi. Chinali chikhomo chachitali.

"Nsonga iyi ikalase dothi," anatero. "Kachikhomeni m'malire, mlamu wanu akuona. Yolasira munthu ine sindisula."